Elube ndi Kasitima ka Amayi

Elube anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Njombwa, ku Kasungu. Ankakhala ndi bambo ake, a Kalekeni. Ankakhalanso ndi mlongo wake wamng'ono, Yankho.

Amayi awo anali atamwalira. Panali patapita zaka ziwiri.

Elube ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva kasitima kakuliranso.

Kasitimako kankakhala pamwamba pa kabati. Kanali kakuda bii. Magudumu ake anali ofiira. Kutalika kwake kanali ngati mkono wa Yankho.

Kanabwera ndi agogo, bambo wa amayi. Agogowo ankagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo, kalekale. Ku Njombwa kulibe njanji. Elube anali asanaonepo sitima yeniyeni. Ankadziwa kasitima aka basi.

Kasitimako sikanali kongokankha. Kankayenda kokha. Kanali ndi kathanki ka madzi. Pansi pa kathanki panali kanyale.

Amayi ankathira madzi m'kathanki. Ankathira sipiriti m'kanyale. Ankayatsa. Madzi ankawira. Nthunzi inkadutsa m'timapaipi. Inkakankha magudumu.

Tchuku! Tchuku! Tchuku!

Kenako amayi ankakoka kawaya.

Pyooo!

Amayi atamwalira, bambo ankayendetsa kasitima Lamlungu lililonse. Ankafuna ana asiye kulira. Koma kasitima kanayamba kufooka. Kanafooka, kanafooka. Tsiku lina kanangoti zii.

Bambo anakaika pamwamba pa kabati. A Kalekeni sankayankhula zambiri. Akakondwa ankati, "Mmm." Akakhumudwa ankatinso, "Mmm."

Inali nthawi ya holide. Inalinso nthawi yosankha fodya.

Lolemba kunabwera mlendo. Anabwera pa njinga yamoto.

"Odi kuno!"

"Fikani, alamu," anatero bambo.

Anali atsibweni, a Raymond, mlongo wawo wa amayi. Iwo ankakhoma zidebe ndi mbaula ku Mtunthama. Anali munthu wa nthabwala.

Atsibweni anamwa thobwa. Kenako anakweza maso. Anaona kasitima pa kabati.

"Alamu, kachitsulo ako kakungodya fumbi," anatero atsibweni. "Kanafa kalekale. Koma kathanki kake ndi kabwino. Ndidule, ndipange nyale. Ana aziwerengera."

Kasitimako kanachokera kwawo kwa amayi. Mwini mawu anali atsibweni. Bambo anayang'ana pansi.

"Mmm," anatero bambo.

Elube anagwada pafupi ndi atsibweni.

"Atsibweni, nanga kakalira?"

Atsibweni anaseka. Anaseka mpaka thobwa linatayika.

"Iwe Naphiri! Tambala wophikaphika amalira?"

"Nanga kakalira?" anafunsanso Elube.

"Chabwino. Ndibwera Loweruka ndi sizasi yanga. Kakalira, nkako. Kakapanda kulira, ndi nyale."

Lachiwiri bambo anapita ku chigafa cha fodya. Elube anakwera pa mpando. Anatsitsa kasitima. Anakapukuta ndi nsalu.

Anatenga kasikuludiraiva ka bambo. Anamasula sikuluwu imodzi. Anamasula ina. Anamasula inanso.

Anachotsa magudumu. Anachotsa timapaipi. Anachotsa kathanki. Zonse anaziponya m'mbale imodzi.

Yankho anabwera. Anagwira mbale. Anaigwedeza.

Wayawayawaya!

"Yankho, siya!"

"Ikuimba nyimbo," anatero Yankho.

Elube anayang'ana m'mbale. Zonse zinali zitasakanikirana. Ichi chinali pati? Nanga ichi? Elube sanakumbuke.

Kasitima panalibenso. Panali mbale ya tizitsulo basi.

Elube analira. Yankho ataona, analiranso.

Bambo anafika. Manja awo anali akuda ndi fodya. Anayang'ana mbale. Anayang'ana Elube.

"Mmm," anatero bambo.

Sanakalipe. Anasamba m'manja.

"Nyamula mbale. Tiye."

Anapita ku chigafa. M'chigafa munali fodya wouma. Munkanunkhira. Denga linali la udzu. Pansi pa udzu panali pepala la pulasitiki. Pakona pepalalo linali litalendewera. Linali ngati mimba ya mbuzi yokhuta.

"Ababa, chimenecho n'chiyani?" anafunsa Yankho.

"Madzi a mvula ija. Ndidzawataya."

Bambo anayala thumba loyera pansi. Analoza milu ya fodya.

"Fodya timasankha bwanji?"

Elube anapukuta misozi. Iye ankadziwa.

"Masamba aatali pawokha. Aafupi pawokha. Ong'ambika pawokha. Tsamba lililonse pamulu pake."

"Mmm. Sankha."

Elube anayamba kusankha. Masikuluwu aatali pawokha. Aafupi pawokha. Magudumu aakulu pawokha. Aang'ono pawokha.

Kenako anaganiza nzeru ina. Anatola khala. Anajambula kasitima pa thumba. Anajambula mutu. Anajambula mimba. Anajambula magudumu.

Kachitsulo kalikonse anakaika pamalo pake. Akalakwitsa, ankayesa pena. Bambo ankasankha fodya. Elube ankasankha zitsulo.

Lachitatu Elube anamanga kasitima. Anamanga pang'onopang'ono. Sikuluwu yaitali, bowo lalitali. Sikuluwu yaifupi, bowo lalifupi.

Pofika masana, kasitima kanaima pa magudumu ake. Pa thumba sipanatsale kanthu.

"Tiyatse! Tiyatse!" anakuwa Yankho.

"Muno ayi," anatero bambo. "Moto ndi fodya sizionana."

Anapita pakhonde. Bambo anatunga madzi mu ndowa. Anali madzi a pamjigo. Anathira m'kathanki. Anatenga kabotolo ka sipiriti ka amayi. Anathira m'kanyale.

"Sunthirani uko. Moto ndi wa akulu."

Bambo anayatsa. Madzi anawira. Nthunzi inatulukira pakachivindikiro.

Fuuu!

Magudumu sanayende. Elube anakoka kawaya. Kasitima sikanalire.

Zii.

"Magudumu," anatero bambo.

Lachinayi bambo anatenga oyilo wa njinga. Anadontheza pa gudumu lililonse. Anapukuta. Anadonthezanso.

Anathira madzi a pamjigo. Anayatsa.

Fuuu!

Zii.

"Magudumu," anatero bambo.

"Ababa, onani," anatero Elube. Anazunguliza gudumu ndi chala. Linazungulira bwinobwino. "Magudumu alibe mlandu."

"Magudumu," anatero bambo. Anatenganso oyilo.

A Kalekeni akanena chinthu, anena.

Elube anayang'ana kabotolo ka sipiriti. Munatsala pang'ono. Munatsala woyatsira kamodzi kokha.

Lachisanu m'mawa Elube ankatsuka ziwiya. Anatenga ketulo. Anathira madzi. Anapendeketsa.

Tho. Tho. Tho.

Madzi ankangodontha. Elube anasuzumira m'ketulo. Munali zoyera mbee. Zinali zolimba gwa, ngati chigoba cha dzira. Zinali zitatseka kukamwa kwa ketulo.

Elube anaima chilili. Zoyera izi anaziona kwina. Anaziona kukamwa kwa kapaipi!

Pamenepo anakumbukira amayi. Amayi ankafinyira mandimu m'ketulo.

"Madzi a pamjigo pathu ndi amchere," ankatero amayi. "Amasiya zoyera. Mankhwala ake ndi mandimu."

Anakumbukiranso china. Amayi anali ndi kapu yobiriwira. Mvula ikamabwera, ankaiika pansi pa denga. Madzi ake ankasunga m'botolo.

"Usamwe," ankatero amayi. "Awa ndi madzi a sitima."

Elube anasiya ketulo. Anathamangira kasitima.

Anayalanso thumba lija. Anamasulanso kasitima. Ulendo uno sanatenge mbale. Kachitsulo kalikonse anakaika pamalo pake.

Anatola kapaipi. Anauzira. Masaya anatupa. Mpweya sunatuluke.

Bambo anabwera ndi oyilo wawo.

"Ababa, tauzirani umu."

"Magudumu," anatero bambo.

"Chonde, Ababa. Kamodzi kokha."

Bambo analandira kapaipi. Anauzira. Masaya anatupa. Anauziranso. Maso anatong'oka.

Yankho anagwa nako kuseka.

"Ababa akukhala ngati chule!"

Bambo anasuzumira m'kapaipi. Anaona zoyera. Elube anawaonetsa ketulo. Anawauza za kapu yobiriwira.

Bambo anakhala pansi.

"Madzi a pamjigo ndinkathira ndine," anatero bambo.

"Simunkadziwa, Ababa."

"Kapu ija ndinkaiona. Sindinafunse."

Elube anakhala pafupi nawo. Anagwira dzanja lawo lakuda ndi fodya. Bambo anaika oyilo pansi.

"Mandimu," anatero bambo. "Tiyeni."

Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mandimu. Bambo anathyola. Elube anadula. Yankho anafinya.

Yankho ananyambita chala. Nkhope inakwinyika.

"Iii! Kasitima kamwa zimenezi?"

"Kakudwala," anatero Elube. "Odwala samasankha mankhwala."

Elube anaviika timapaipi m'madzi a mandimu. Ena anathira m'kathanki. Timathovu tinayamba kutuluka.

Tsss. Tsss.

Anadikira. Dzuwa linakwera. Anadikirabe. Dzuwa linafika pamutu.

Zoyera zinafewa. Elube anatenga chingwe chosokera fodya. Anasolola kaulusi kamodzi. Anakalowetsa m'kapaipi. Kanatulukira mbali ina!

Anakoka uku. Anakoka uko. Zoyera zinagwa ngati ufa.

Elube anauzira.

Fyuuu!

Mpweya unawomba nkhope ya Yankho. Yankho anaphethira.

"Mmm," anatero bambo. Uyu anali "mmm" wokondwa.

Tsopano panafunika madzi a mvula. Elube anayang'ana kumwamba. Kunali ngwee. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Mvula inali italeka sabata yatha.

Elube anafufuza botolo la amayi. Analipeza. Linali louma. Anayang'ana mu mgolo. Munali madzi a pamjigo. Anayang'ana mu mtsuko. Munali madzi a pamjigo.

Mawa ndi Loweruka. Elube anakhala pakhomo pa chigafa. Anagwira tsaya.

Bambo anamudutsa. Ananyamula mtengo wautali. Analowa m'chigafa. Anasuntha fodya wa pakona. Anakweza mtengo. Analoza mimba ya mbuzi ija.

Elube anadzambatuka.

"Ababa, dikirani! Musataye!"

Bambo anaima. Mtengo uli m'mwamba.

"Amenewo ndi madzi a mvula!"

Bambo anayang'ana pepala. Anayang'ana mwana wawo.

"Katenge kapu."

Elube anathamanga. Anatsegula kabati. Kapu yobiriwira inali kumbuyo kwenikweni. Anaitsuka. Anatenganso beseni ndi kansalu koyera.

Elube anaima panja, kumapeto kwa denga. Anatchera beseni. Bambo anakankha pepala pang'onopang'ono.

Chuuu!

Madzi anatsika. Ena anagwera m'beseni. Ena anagwera pamutu pa Yankho.

"Mvula! Mvula!" anakuwa Yankho.

M'madzimo munali tiudzu. Elube anasefa ndi kansalu. Kapu inadzaza. Madzi anali oyera mbee.

Anatsukuluza timapaipi. Anatsukuluza kathanki. Anamanga kasitima. Sikuluwu yaitali, bowo lalitali. Sikuluwu yaifupi, bowo lalifupi.

"Tiyese?" anafunsa Yankho.

Elube anayang'ana kabotolo ka sipiriti.

"Ayi. Watsala wa mawa basi."

Loweruka linafika. Njinga yamoto inamveka.

"Odi kuno! Wa nyale wafika!"

Atsibweni anatsika. Ananyamula sizasi yaikulu yodulira malata. Ananyamulanso chitini chakale.

"Naphiri, tambala wathu ali bwanji? Wadzuka mu mphika?"

"Muona, Atsibweni," anatero Elube.

Anaika kasitima pakhonde. Anathira madzi a m'kapu yobiriwira. Bambo anathira sipiriti yense. Kabotolo kanauma. Bambo anayatsa.

Onse anadikira.

Zii.

Nkhuku inadutsa. Inayang'ana kasitima. Inapitirira.

Zii.

Atsibweni anapukusa mutu. Anatsegula sizasi yawo.

Tchwa. Tchwa.

"Mwayesetsa, ana inu. Koma chakufa n'chakufa. Zimitsani, alamu, kazizire."

Atsibweni anaimirira. Maso a Elube anadzaza misozi.

"Alamu," anatero bambo. "Khalani pansi."

"Koma alamu..."

"Moto sunathe. Khalani pansi."

Atsibweni anadabwa. Anali asanamvepo alamu awo akuyankhula chotero. Anakhala pansi.

Kenako kunamveka kaphokoso.

Tsss.

Kadontho kanagwa pansi. Kasitima kananjenjemera. Elube anagwada. Anakankha pang'ono ndi chala, monga ankachitira amayi.

Tchu.

Tchu... ku.

Tchuku. Tchuku. Tchuku tchuku tchuku!

"Kakuyenda! Kakuyenda!" anakuwa Yankho.

Kasitima kanayenda pakhonde. Kanadutsa phazi la atsibweni. Nthunzi inali tolotolo.

"Kuyenda si kulira," anatero atsibweni. Koma mawu awo anali otsika.

"Koka, mayi," anatero bambo.

Elube anatsatira kasitima chokwawa. Anagwira kawaya. Anakoka.

Pyooo!

Nkhuku zinabalalika. Galu anathawira kuseri. Yankho anagwira makutu, uku akulumpha.

Elube anakokanso.

Pyooo!

Kasitima kanayenda mpaka moto unatha. Kanaima pafupi ndi chitseko.

Atsibweni sanaseke. Anavula chipewa. Anapukuta m'maso.

"Kulira kwake nkomweko," anatero atsibweni. "Tili ana, ine ndi mayi ako Feliya tinkalimbirana kawaya kameneko. Ankapambana ndiye."

"Tsono tambala walira, Atsibweni?" anafunsa Elube.

"Walira, mwana iwe! Walira mpaka watuluka mu mphika! Kasitima nkako."

Elube anagwada. Anawomba m'manja.

"Zikomo, Atsibweni."

"Nanga sizasi yanga ibwerere ndi njala?" anatero atsibweni.

Anatenga chitini chija. Tchwa, tchwa, tchwa! Anadula. Anapinda. Anakhoma. Anatola zitsekerero zinayi za mabotolo. Anapanga kangolo!

Elube anamangirira kangolo kumbuyo kwa kasitima.

"Tikwezemo fodya!" anatero Yankho.

"Moto ndi fodya sizionana," anatero Elube.

Choncho anakwezamo mtedza. Yankho ankakankha ndi dzanja. Ankalira yekha, "Pyooo! Pyooo!" Kangolo kakafika pa atsibweni, mtedza unkachepa.

"Sipiriti ndibweretsa Lamlungu," anatero atsibweni, mtedza uli m'kamwa. "Koma kawaya ndidzakoka ndine."

"Tidzalimbirana," anatero Elube.

Masana kunja kunasintha. Mphepo inawomba. Kamtambo kanabwera kuchokera kummawa. Madontho anayamba kugwa pa malata.

Tho. Tho. Tho.

Bambo anaimirira. Anatenga kapu yobiriwira. Anaiika pansi pa denga, pamalo pomwe paja.

Kapu inayamba kudzaza. Yankho anaona. Anatambasula dzanja.

"Usamwe," anatero bambo. "Awa ndi madzi a sitima."

Elube anayang'ana bambo ake. Bambo ankamwetulira.